Khomo la boma lisasankhe wolowa

Mawu oyankhulidwa kwa mafumu, makhansala, amisiri a zomangamanga ndi atsogoleri a makomiti a chitukuko



Mwandipempha kuti ndiyankhule za njira za oyenda pansi ndi nyumba zimene anthu onse amapitako kukalandira thandizo: chipatala, sukulu, khoti, ofesi ya boma, msika, banki, tchalitchi ndi mzikiti. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinene poyambirira pomwe. Munthu akalephera kulowa m'kalasi kapena m'chipatala chifukwa cha masitepe atatu a pakhomo, cholakwika chili pa nyumbayo. Ndipo nyumbayo sinamere yokha. Alipo anaijambula, alipo anavomereza pulani yake, alipo anasaina kuti ntchito yatha bwino ndipo kontirakitala alipidwe. Ambiri mwa anthu amene amachita zimenezi mwakhala m'chipinda chino. N'chifukwa chake ndabwera ndi chiyembekezo, pakuti amene mungakonze zinthu ndinu nomwe mukundimvera.

Tikunena za anthu angati?

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 peresenti ali ndi ulumali wa mtundu wina. Amenewa ndi anthu oposa 1.5 miliyoni, ochuluka kuposa onse amene kalembera yemweyo anawapeza mumzinda wa Lilongwe. Pafupifupi theka la iwo ali ndi vuto la kuona, ndipo oposa mmodzi mwa anayi alionse amavutika kuyenda kapena kukwera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu 1.3 biliyoni, kutanthauza mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse, ali ndi ulumali waukulu.

Mwina wina anganene kuti, "Nanga bwanji ku ofesi kwathu sitiwaona ambiri?" Funso limenelo ladziyankha lokha. Simuwaona chifukwa njira yobwerera kwanu inawakanika kalekale, ndiye anasiya kuyesa. Amatuma mwana, amatuma mlamu, kapena amangokhala osalandira chimene ndi chawo.

Ulendo wa mayi mmodzi

Tiyerekeze mayi wa ku Bangwe amene amayendera njinga ya olumala, ndipo akufunika kukasainitsa pepala ku ofesi ina m'tauni. Tiyende naye pang'onopang'ono.

Kuchoka pakhomo pake kukafika pa siteji pali kanjira kamene madzi a mvula anakakumba. Matayala ang'onoang'ono a kutsogolo kwa njinga amatitimira mumchenga ndipo amakodwa pa mwala uliwonse, choncho mwana wake wajomba kusukulu kuti amukankhe. Pa siteji minibasi ziwiri zamudutsa, chifukwa kondakitala akuwerengera nthawi yomunyamula ndi malo amene njingayo itenge. Yachitatu yaima, koma amulipiritsa kawiri, ati njingayo ndi katundu. Atatsika m'tauni wapeza kuti njira ya oyenda pansi ilipo, koma ndi yokwera kuposa msewu, ndipo palibe pamene anaitsitsa kuti tayala likwere. Kutsogolo kwake wina waimikapo galimoto, wina wayalapo kaunjika, ndipo pakati pali ngalande imene chivundikiro chake chinasweka. Mayiyu watsikira mumsewu wa galimoto, akuyenda pakati pa minibasi ndi njinga zamoto za kabaza, mutu wake uli m'munsi moti woyendetsa lole sangamuone.

Wafika pa ofesi. Masitepe atatu. Mlonda, munthu wamtima wabwino, waitana anyamata awiri odutsa, ndipo amunyamula pamodzi ndi njinga yake, wina kugwira uku, wina uku, chitenje chikusuntha, anthu a pamzere akuyang'ana. M'kati mwapezeka kuti wosaina ali m'chipinda cham'mwamba, ndipo chikepe chinaleka kugwira ntchito. Wauzidwa kuti adikire pansi bwana akatsika. Wadikira maola angapo osamwa madzi, ndipo wachita zimenezi dala kuyambira m'mawa, chifukwa akudziwa kuti chitseko cha chimbudzi cha pamenepo njinga yake singalowe.

Amayi ndi abambo, mfundo ya kunyamulidwayi tiimvetse bwino. Ife Amalawi timadziwika ndi chifundo, ndipo anyamata aja sanalakwe. Koma mayi wamkulu, mayi wa ana, kugwiridwa m'khwapa ndi m'miyendo ndi amuna osawadziwa pamaso pa gulu, n'kuchotsedwa ulemu. Komanso n'zoopsa, pakuti onyamula akaterereka munthu amathyoka. Tikamati "akabwera tidzamunyamula," tikunena kuti mayiyu adzalowa pokhapokha ena atafuna, pa nthawi imene ena apezeka. Nzika ina iliyonse imalowa yokha, nthawi imene yafuna. Nayenso akufuna zomwezo basi.

Onaninso kuti ulendo wonsewu uli ngati unyolo. Mphete imodzi ikaduka, unyolo wonse watha ntchito. Mungamange khomo labwino pa ofesi, koma ngati pakati pa msewu ndi khomolo pali ngalande yosavundikira, ndalama zanu zapita pachabe.

Ulumali si wa miyendo yokha. Bambo wosaona amayenda ndi ndodo yoyera, imene imamuuza za zimene zili pansi. Singamuuze za chikwangwani chimene mwachipachika pa msinkhu wa chipumi, kapena zenera lachitsulo lotsegukira m'khonde. Mtsikana wosamva amakhala pa benchi ya kuchipatala tsiku lonse chifukwa mayina amaitanidwa pakamwa pokha, ndipo lake linadutsa kalekale. Mwana wachialubino, amene maso ake saona patali ndipo khungu lake limapsa ndi dzuwa, amafunika zilembo zikuluzikulu pa zikwangwani ndi mthunzi pa malo odikirira.

Lamulo lilipo kale

Zimene ndikunenazi si kupempha chifundo. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, mu gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 13 limaika pa mapewa a boma udindo woonetsetsa kuti anthu aulumali akutha kufika m'malo a anthu onse. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo 9 lake limakamba za nyumba, misewu, mayendedwe, sukulu ndi zipatala. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 linabwera lamulo latsopano limene linalowa m'malo mwa lamulo limenelo ndi lina lakale la 1971, n'kukhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA.

Malamulo amenewa anabwera chifukwa anthu aulumali eni ake anawamenyera nkhondo kwa zaka zambiri, kudzera m'mabungwe monga FEDOMA, Malawi Union of the Blind ndi MANAD. Ena mwa inu mukukumbukira malemu mayi Rachel Kachaje, amene analumala ndi poliyo ali mwana wamng'ono, nadzayankhulira amayi aulumali mu Africa monse, mpaka kukhala nduna ya boma mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda. Dzifunseni kuti ndi atsikana angati a nzeru zonga zawo amene lero ali kumudzi chifukwa khomo la kalasi linawakana.

Maiko ena nawo anadutsa momwemu. Ku America, mu March 1990, anthu aulumali anasiya njinga zawo pansi n'kukwawa pa masitepe a nyumba ya malamulo ku Washington, kuti aphungu aone ndi maso zimene sitepe imachita. Mu July chaka chomwecho lamulo lawo lalikulu la za ulumali linasainidwa. Ku Japan, Seiichi Miyake anaganiza zopanga timiyala ta pansi tokhala ndi totupa, timene wosaona amatimva ndi phazi kapena ndodo: ta mizere timati "pitirira," ta madontho timati "ima, pali msewu kapena sitepe." Tinayalidwa koyamba mumzinda wa Okayama mu 1967, ndipo lero tili m'mizinda yambiri padziko lapansi. Nzeru zake zinapezeka kale. Chatsala kwa ife n'kuzigwiritsa ntchito.

Miyeso imene mmisiri aliyense aidziwe

Tsopano ndiyankhule ndi inu amisiri, ndipo makhansala mumvetsere, chifukwa ndinu mukayendera ntchitozi.

Masiku ano nyumba zambiri zatsopano zili ndi rampu, njira yotsetsereka ija ya pambali pa masitepe. Koma ambiri mwa marampuwa anamangidwa kuti oyendera ntchito aone kuti ilipo. Mmisiri amangothira simenti pamwamba pa masitepe n'kusalaza, ndiye pamatuluka chitunda chimene ngakhale mnyamata wamphamvu sangakwere ndi wilibala yodzaza. Wa njinga akayesa kukwera, matayala a kutsogolo amanyamuka ndipo amagwa chagada. Akamatsika amathamanga osaima mpaka m'ngalande.

Muyeso wovomerezeka m'maiko ambiri ndi uwu: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, rampu italike masentimita 12, ndipo isachepere pamenepo. Tiwerengere limodzi. Sitepe imodzi nthawi zambiri imakhala masentimita 15. Masitepe atatu ndi masentimita 45. Kuchulukitsa ndi 12, tikupeza mamita 5.4. Ndiye mukaona khomo la masitepe atatu lili ndi rampu ya mamita awiri, dziwani kuti imeneyo ndi msampha. Ngati malo a kutsogolo ndi ochepa, rampu iyende motsata khoma, kapena ikhote n'kubwerera, pokhotapo pakhale pafulati.

M'lifupi rampu isachepere mamita 1.2. Pamwamba pake, kutsogolo kwa chitseko, pakhale malo afulati a mamita 1.5 mbali zonse, kuti munthu aime n'kutsegula chitseko njinga isakubwerera m'mbuyo, komanso kuti athe kutembenuka. Mbali zonse ziwiri kukhale zitsulo zogwirira, ndi kamzere ka njerwa m'mphepete kotchinga tayala. Pansi pake pasakhale posalala ngati m'chipinda chochezera. Muzidutsitsapo tsache simenti isanaume, kuti nthawi ya dzinja pasamaterere. Ndipo rampuyo ifike pa khomo lomwelo limene onse amalowera. Kumutumiza munthu kuseri, kumene kuli zinyalala ndi chitseko chimene kiyi wake ali ndi mlonda wa usiku, n'kumuuza kuti iye ndi wachiwiri.

Chitseko chikatsegulidwa pakhale mpata wa masentimita 90, ndipo pasakhale kachitunda pansi pake. Chogwirira chikhale chotsindikiza pansi, chifukwa chozungulira chija munthu wa manja ofooka sangachipotokole. Chitseko cha chimbudzi chizitsegukira kunja, kuti munthu akagwa m'kati athe kuthandizidwa, ndipo m'katimo mukhale malo otembenukira ndi zitsulo zogwirira pakhoma. Chimbudzi chimenechi chisasanduke mosungiramo ndowa ndi zokolopera. Pa kauntala ya banki kapena pa zenera lolandirira mankhwala, mbali imodzi itsike, kuti wokhala pa njinga kapena munthu wamfupi aonane maso ndi maso ndi womuthandiza. M'mphepete mwa sitepe iliyonse mupake penti yowala, yachikasu kapena yoyera, kuti oona movutikira adziwe pothera. Ngati nyumba ndi yosanja ndipo chikepe n'chosadalirika chifukwa cha kuzima kwa magetsi, maofesi amene anthu amapitako tsiku ndi tsiku atsikire pansi. Kusamutsa tebulo sikufuna simenti.

Pa msewu, njira ya oyenda pansi itsitsidwe pa malo alionse owolokera, mbali zonse ziwiri. Ngalande zivundikiridwe, ndipo zivundikiro zikhale za konkire, popeza zachitsulo akuba amazula n'kukagulitsa. Mapolo a magetsi ndi zikwangwani zisaime pakati pa njira. Misewu yatsopano ikuluikulu imene ikumangidwa m'mizinda yathu imathandiza galimoto kuthamanga, koma msewu ukakula umatalikira woyenda ndi ndodo. Pakati pake pafunika malo oima otetezeka, ndipo maloboti azipereka nthawi yokwanira gogo kuwoloka.

Nkhani ya ndalama

Ndikudziwa yankho limene lili pamilomo ya ena: "Ndalama zake zili kuti?" Lipoti la za ulumali limene WHO ndi World Bank anatulutsa mu 2011 linasonyeza kuti zinthu zimenezi zikaganiziridwa pojambula pulani, zimangowonjezera pafupifupi 1 peresenti pa mtengo wa nyumba yonse. Pa mdadada wa sukulu wa K100 miliyoni, imeneyo ndi K1 miliyoni. Chimadula n'kubwerera m'mbuyo: kugumula khoma kuti chitseko chikule, kuswa khonde, kukumbanso mapaipi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nthawi zina kuganiza msanga kumapulumutsa ndalama kumene, chifukwa mmisiri akasankha malo bwino n'kusalaza dothi lolowera pakhomo, masitepe safunikanso.

Ndipo rampu simangira munthu mmodzi. Idzadutsapo mayi woyembekezera, gogo wa nyamakazi, namwino wokankha wodwala, wonyamula makatoni a mankhwala, mnyamata amene wathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza, bambo amene wachita sitiroko, ndi wina amene wadulidwa phazi chifukwa cha matenda a shuga. Pitani m'chipinda cha othyoka mafupa pa chipatala chilichonse chachikulu mukafunse kuti ndi angati ankadziwa chaka chatha kuti lero adzakhala pa ndodo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonse amene tikupempha Mulungu kuti atipatse moyo wautali, tikupempha kuti tidzafike pa msinkhu umene sitepe idzatilemera.

Kumudzi nakonso

Mafumu, musaganize kuti iyi ndi nkhani ya m'tauni. Amalawi ambiri amakhala kumudzi, ndipo aulumali ambiri ali komweko. Pa sukulu ya pulayimale, chimene chimachotsa mwana wolumala kawirikawiri ndi chimbudzi. Mwana amene amakwawa ayenera kuika manja pansi pamene ana mazanamazana aponda ndi kuonongapo. Mtsikana akatha msinkhu, manyazi ake amakula, ndipo tsiku lina amangoti sapitanso. Chimbudzi chimodzi chokhala ndi chitseko chachikulu, pokhalira pokwera pomangidwa ndi njerwa, ndi mitengo kapena zitsulo zogwirira, chikhoza kumusunga mwanayo mpaka Sitandade 8. Kwa mwana wosaona, chingwe chomangidwa pa mitengo kuchoka ku kalasi kukafika kuchimbudzi chimamupatsa ufulu wopita yekha.

Pa mjigo, khonde lake likhale ndi polowera popanda chitunda, ndipo pakhale poika ndowa pokwera pang'ono kuti wofooka msana athe kusenza. Pa kamlatho ka pakhwawa, mitengo iwiri yogoneka sikwanira wa ndodo. Ndiponso kumbukirani zimene tinaona nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023: anthu anathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi. Nyumba zimene timamanga lero ndi zomwezo zimene mawa zidzakhala pothawira, ndipo wolephera kulowamo tsiku labwino adzalepheranso tsiku la madzi osefukira.

Aliyense ndi mbali yake

Akuluakulu a ku khonsolo, pulani ya nyumba ya anthu onse ikabwera pa tebulo lanu yopanda rampu ya muyeso, chitseko chokwanira ndi chimbudzi choyenera, ibwezeni. Mphamvu imeneyo muli nayo kale. Ndipo ndalama yomaliza ya kontirakitala isatuluke munthu wa njinga ndi munthu wa ndodo yoyera asanalowe m'nyumbamo okha, popanda wowagwira dzanja. Amenewa ndiwo akatswiri oyendera ntchito imeneyi, ndipo apatsidwe ulemu ndi malipiro a akatswiri.

Makhansala ndi a makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, pamene mukugawa ndalama za CDF ndi za thumba lina la chitukuko, funsani kuti m'komiti mwanu muli munthu waulumali kapena ayi. Anzathuwa akhala akunena kwa zaka zambiri kuti zokhudza iwo zisamakonzedwe iwo palibe. Onaninso malo amene mumachitira misonkhano yanu. Ngati ali pamwamba pa masitepe, mwasankhiratu amene adzayankhule.

Aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja, mwana asalandire satifiketi ya zomangamanga asanadziwe muyeso wa 1 pa 12. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, yang'anani khomo lanu ndi njira yopita kuguwa. Oyang'anira misika ndi misewu, apezereni ogulitsa malonda malo abwino, pakuti nawonso akusaka chakudya cha ana, koma njira ya oyenda pansi itseguke, ndipo woimika galimoto pamenepo alipire chindapusa.

Pomaliza ndikupempheni ntchito imodzi yoti muchite mwezi uno usanathe. Aliyense asankhe nyumba imodzi imene ili m'manja mwake: sukulu, chipatala chaching'ono, bwalo la milandu kapena ofesi. Itanani anthu awiri kapena atatu a ulumali wosiyanasiyana a m'dera lanu lomwelo, tengani tepi yoyezera ndi kope, ndipo muyambire pa msewu, osati pakhomo. Yendani nawo mpaka kuchimbudzi. Musawathandize msanga, onani pamene aima, ndipo lembani. Mukatero gawani zimene mwalembazo patatu: zimene mungakonze sabata yomweyo popanda ndalama, zimene zikufuna matumba ochepa a simenti, ndi zimene ziyenera kulowa mu bajeti ya chaka chamawa. Pa msonkhano wotsatira wa khonsolo, aliyense adzabwere ndi kope lake, adzatiuze zimene wakonza kale ndi tsiku limene adzamalize zotsalazo.